Kompyuta ya Alamu Inadzuka Yosalankhula

Pa anthu onse amene Injiniya anawakonzerapo makompyuta, mmodzi yekha ndi amene iyeyo ankamuopa, ndipo anali mlamu wake. Dzina la Injiniya sanalitenge kusukulu ayi. Anamupatsa ndi anzake ogulitsa mafoni ataona kuti kashopu kake ka pansi pa masitepe kadzaza mawaya, machaja ndi malaputopu ong'ambidwa mimba. Iye analilandira ndi manja awiri, moti ngakhale mkazi wake ankamuitana choncho akafuna kumutuma.

Alamuwo anali akulu ake a mkazi wakeyo. Anasiya kuona ali kamtsikana, chikuku chitadutsa m'nyumba mwawo, koma mukanayerekeza kuwamvera chisoni akanakusekani mpaka mukanathawa. Kutaipa anaphunzirira pa makina akale achitsulo, aja oti ukalakwitsa chilembo sakuuza, ndipo mphunzitsi wawo ankangosolola pepala n'kunena kuti, "Yambiranso." Anayambiranso mpaka zala zinasiya kulakwa. Kenako analembedwa ntchito pa ofesi ya maloya, ndipo anakhalapo mpaka maloya amene analowa ali anyamata anamera imvi. Loya ankajambula mawu ake, kaya ndi kalata kaya chikalata cha kukhoti, Alamu n'kumvetsera akutaipa, pofika masana zonse zili pa tebulo la mwini wake.

Tsiku loyamba kukumana nawo, ukwati usanachitike, Injiniya anawapatsa moni wa dzanja. Iwo sanalisiye msanga dzanjalo. Analitembenuza, n'kupapasa zikhadabo ndi timabala ta m'zala, kenako anauza mng'ono wawo kuti, "Mwamuna ndi wabwino uyu. Koma manja awa satha kusiya chinthu chili phee. Uzibisa wailesi." Onse anaseka, ndipo wailesiyo Injiniya anaimasuladi mwezi woyamba wa banja, osalankhulanso mpaka lero.

Kuyambira pamenepo Injiniya ankawaona Alamu ndi mantha osakanikirana ndi kunyadira. Ankawoloka msewu wa magalimoto ndi ndodo yawo yoyera, mutu utapendekeka pang'ono, oyendetsa njinga akuwapatukira okha. Ukawagwira pachigongono kuti uwathandize, ankachotsa dzanja lakolo mwaulemu n'kunena kuti, "Ndikagwa mudzamva." Ankakhala okha m'kanyumba ka lendi kuseri kwa sitolo ya nsapato, m'mene supuni iliyonse inali ndi malo ake, ndipo kiyi wa chitseko chawo ankayenda naye pa chingwe m'khosi. Mng'ono wawo anawachonderera kambirimbiri kuti abwere adzakhale nawo, poti chipinda chinalipo. Yankho linali limodzi nthawi zonse: "Chipinda chako ndi chabwino, koma kiyi wake ndi wako."

Ntchito yonse ankagwirira pa laputopu yawoyawo, yakale komanso yolemera. Inali ndi pulogalamu yowerenga mokweza zonse za pa sikirini, ndipo Alamu anali ataithamangitsa kwambiri moti Injiniya akatchera khutu ankangomva ngati mvula pa malata. Iwo ankamva liwu lililonse. Vuto la laputopuyo linali limodzi, kudzuka. Ukaiyatsa m'mawa inkazengereza moti munthu ukanatha kumeta ndevu n'kusamba kumaso. Alamu anali atazolowera. Ankadina batani, n'kupinda ndodo, kutsuka kapu, kucheza pang'ono ndi mayi wosesa, ndipo pobwerera pampando mawu aja ankawalandira m'khutu.

Kenako ku ofesi kunabwera bwana watsopano woyang'anira antchito. Sanali munthu wankhanza. Anali mnyamata waulemu, wovala nsapato zosamveka poyenda, zimene Alamu anadana nazo tsiku loyamba lomwe chifukwa zinkamubisa. Koma anatumidwa kudzachepetsa anthu, ndipo aliyense ankadziwa. Wina anamunong'oneza kuti mayi wotaipa uja amachedwa kuyamba ntchito, komanso kuti sangayambe popanda womuyatsira makina. Linali bodza, koma bodza lovala bwino. Bwanayo analengeza kuti azikhala pambali pa wantchito aliyense kuyambira polowa m'mawa kuti adzionere yekha, ndipo Lolemba linali tsiku la Alamu. Anawauza mosabisa kuti ofesi singathe kusunga anthu awiri pa mpando umodzi. Alamu anamva bwino lomwe. Akaoneka kuti akufuna wowathandiza, ntchito yatha, ndipo ntchito ikatha, kiyi wa m'khosi uja abwerera kwa mwini nyumba.

Loweruka Alamu anafika kukashopu kuja n'kuika laputopu pa tebulo, pakati penipeni pa malo okhawo amene panalibe waya.

"Alamu, fani ya m'katimu ikulira ngati ili ndi chifuwa. Mungouzira fumbi basi. Sindikufuna bwana adzamve phokoso."

"Zing'onozing'ono zimenezo, alamu anga."

"Ndati fumbi. Zina zonse musakhudze. Manja anuwo ndikuwadziwa."

"Aaa, mpaka liti nkhani ya wailesi?"

"Mpaka idzalankhulenso."

Fumbi analiuziradi, ndipo linatuluka lambiri. Akanalekera pomwepo bwenzi palibe nkhani. Koma pa ntchito zonse za m'kashopumo, imene Injiniya ankaikonda koposa inali yogoneka alendo a m'mawa. Umu ndi mmene ankatchulira mapulogalamu amene amadzuka okha kompyuta ikangoyaka, popanda wowaitana. Makasitomala ankawafotokozera kuti zili ngati nyumba ya bafa limodzi: alendo onse akadzuka nthawi imodzi n'kuima pakhomo ndi matawulo, mwini nyumba amasamba pomaliza. Iye sankawafufuta ayi. Ankangowaletsa kudzuka okha, kuti mwini wake akawafuna aziwaitana. Kompyuta imene inabwera ikukwawa inkachoka ikuthamanga, kasitomala atagwira pakamwa.

Atayatsa laputopu ya Alamu kuti amve fani, anadikira, n'kudikira, mpaka zala zinayamba kumuyabwa. Anaganiza za bwana uja atakhala pambali akuyang'ana wotchi. Kodi mlamu weniweni angaone zoterezi n'kungouzira fumbi? Mawu aja atadzuka anayamba kuwerenga chilichonse chimene iye wakhudza, ndipo anamusokoneza mutu, choncho anatsekeratu voliyumu kuti aganize bwino. Kenako anatsegula pamene pamaoneka alendo aja. Anali khamu. Panali pulogalamu ya pulinta imene inafa kalekale, ya nyimbo, ya kamera, ziwiri zoteteza ku mavairasi zimene zinkangolimbana zokhazokha, ndi zina zongosuzumira pa intaneti m'mawa uliwonse kufunsa ngati kwabwera zatsopano. Pambali pa iliyonse kompyuta inali italemba mmene imaichedwetsera. Imodzi inali ndi dzina la zilembo zosatchulika, ndipo inalembedwa kuti ndi yolemera kwambiri. Injiniya sanaidziwe. Anaona kuti chinthu chosadziwika komanso cholemera chotere sichingakhale cha phindu, ndipo anaigoneka limodzi ndi zinzake.

Manja aja anali atatentha tsopano. Tizithunzi timene tinadzaza pa sikirini anatisesera m'foda imodzi, poti munthu wosaona azitani nato. Pa mabatani ena a mzere wa pamwamba anapezapo timadontho ta guluu touma, ndipo anatipala ndi lezala mpaka kiyibodi inasalala. Ataizimitsa n'kuiyatsanso, laputopu inadzuka iye asanakhale n'komwe pampando. Inadzuka mwakachetechete, koma iye sanadabwe, chifukwa umo ndi mmene makompyuta onse a m'shopu mwake amadzukira. Za voliyumu anaiwaliratu.

Lamulungu anapeza mkazi wake akuyanika matiresi a m'chipinda chija, akupukutanso mawindo ake.

"Kukubwera alendo?" anafunsa.

"Ndikungochotsa fungo," anayankha mkaziyo osamuyang'ana, maso ali ofiira. Kenako anatembenuka. "Makina a achemwali wangouzira fumbi eti?"

"Fumbi lokhalokha."

"Injiniya."

"Ndi tina pang'ono. Mawa ukamva, udzandigwadira. Matiresiwo bwezera m'nyumba."

Lolemba laputopu ija anainyamula yekha kupita nayo ku ofesi, kuti akaone ndi maso ake nkhope ya Alamu ikuwala. Anawapeza atakhala kale pa tebulo lawo la pakona, pafupi ndi kabati ya mafayilo, bwana watsopano atakokera mpando pambali pawo.

"Awa ndi ndani?" anafunsa bwanayo.

"Ndi mlamu wanga, bwana. Amandichotsera fumbi m'makina. Akhala pa benchi apo, kapena azipita."

"Ndi amene amakuyatsirani?"

"Ayi. Pano sakhudza kanthu, ndipo salankhula." Anatembenukira kumene kunali Injiniya. "Mwamva, alamu?"

"Ndamva."

Anakhala pa benchi ya alendo kumbuyo kwawo, pamene sikirini inkaoneka bwino pakati pa mapewa a anthu awiriwo. Alamu anatsegula laputopu, analowetsa waya wa hedifoni, anaika kahedifoni kamodzi m'khutu, n'kudina batani. Kenako anayamba kupinda ndodo mosafulumira, monga mwa masiku onse. Sikirini inali itayaka kale, ikudikira pasiwedi. Injiniya anamwetulira, akuyembekeza kuti mawu aja awadzidzimutse. Ndodo inapindidwa, inalowa m'chikwama. Alamu anapendeketsa mutu. Anakhudza kahedifoni ka m'khutu, n'kutsatira waya ndi zala mpaka polowera, n'kuukankha. Pamenepo maso a Injiniya anagwera pakona ya sikirini, pamene panali kachizindikiro ka sipika kodulidwa ndi mzere, ndipo zonse zinamubwerera nthawi imodzi: voliyumu, zilembo zosatchulika zija, tizithunzi, guluu. Anali atawatseka Alamu maso kachiwiri, ndi manja ake, chifukwa chowafunira zabwino.

Ananyamuka pang'ono ndipo benchi inalira. Alamu sanatembenuke. Anatsitsa dzanja m'mbali mwa mpando, kumene bwana sakanaona, n'kuloza pansi ndi chala chimodzi. Injiniya anakhalanso. Anamvetsa kuti liwu limodzi lochokera kwa iye likanasandutsa bodza lija kukhala zoona.

Bwana sankadziwa kanthu, poti za m'hedifoni amamva ndi mwini khutu. "Ndiye apa tikudikira?" anafunsa.

"Ndikuipatsa kaye moni, bwana. Makina akale amafuna ulemu."

Anaika chikhatho m'mbali mwa laputopu, pamene fani imatulutsira mpweya. Zaka zonsezi ankaidziwa kuti ikamavutika kudzuka imapuma mwaphuma, ndipo ikamaliza imafatsa. Tsopano inali itafatsa, nthawi yake isanakwane. Injiniya anaona milomo yawo ikugwedera pang'ono. Kenako Alamu anadina batani limodzi, anadikira kamphindi, n'kulemba pasiwedi. Sikirini inatseguka. Injiniya anaona, koma iwo analibe wowauza. Anadina pamodzi mabatani amene amaitanira mawu aja akagona. Kunali zii, chifukwa njira imeneyo inkadalira kamodzi mwa tizithunzi timene iye anasesa. Anadinanso. Zii. Kumbuyo kwa khosi lawo kunatuluka thukuta, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka pa kolala ya bulauzi.

"Ndamva kuti mwakhalitsa pano," anatero bwana, pofuna kupha nthawi.

"Kapeti iyi ndinaipeza ili ndi ubweya, bwana."

Bwana anaseka n'kuyang'ana pansi. Iye akuyang'ana kapeti, dzanja la Alamu linakwera m'khosi. Pa chingwe cha kiyi chija panali kafulashi kosungiramo ntchito. Anakamasula n'kukalowetsa m'mbali mwa laputopu. Injiniya anagwira mutu atazindikira chimene ankachita. Kompyuta iliyonse ukailowetsa fulashi imalira kamodzi, kaya pulogalamu yowerenga ilipo kaya palibe. Alamu sankafuna fayilo iliyonse. Ankagogoda kuti amve ngati m'katimo muli woyankha. Palibe chinalira, ndipo pamenepo anadziwa kuti makinawo angotsekedwa pakamwa.

Chala chawo chinapita pa mzere wa pamwamba kukafuna kadontho ka guluu kosonyeza batani la voliyumu. Chinapeza posalala. Chinaima pomwepo, ndipo Injiniya analakalaka pansi patang'ambika kuti alowepo. Koma chalacho chinabwerera kukona ya kiyibodi, n'kuyamba kuyenda batani ndi batani, mosathamanga, mpaka chinaima pa limodzi n'kulidina. Mzere wodula sipika uja unazimiririka. Alamu anasolola kafulashi, ndipo Injiniya anaona mapewa awo akutsika. Kompyuta inali italira m'khutu.

Kenako anadina mabatani awiri, ndipo pansi pa sikirini panatseguka kabokosi kolembamo dzina la pulogalamu imene ukufuna. Analembamo zilembo zosatchulika zija, chimodzichimodzi, zomwe zija Injiniya anaziyang'ana Loweruka n'kuziyesa zinyalala. Iwo anali nazo m'mutu kuyambira tsiku limene pulogalamuyo inaikidwa. Anadina batani lalikulu. Mu ofesi munali bata, moti ngakhale pa benchi paja Injiniya anamva kaphokoso kakang'ono kakutuluka m'hedifoni, ka mvula pa malata.

Misozi inalengeza m'maso mwa Injiniya. Anali atatsegula makompyuta osawerengeka, ndipo ankadziona kuti amawadziwa m'kati ndi kunja. Koma anali asanaonepo munthu akuyenda m'kati mwa kompyuta mumdima, wina atamusunthira mipando yonse, n'kufika pamene akufuna osagunda kanthu, kwinaku akuseketsa bwana. Anachita mantha enieni, aja amene munthu amachita akaona chinthu chachikulu kuposa iye. Masiku otsatira anayesapo yekha kushopu, ataphimba sikirini ndi tawulo, ndipo sanadutse n'komwe pa pasiwedi.

Alamu anatsegula mawu amene loya wamkulu anajambula Lachisanu, odzaza ndi kutsokomola ndi kubwereza, ndipo zala zinayamba ntchito yake. Mizere inkatsika pa sikirini ngati ikuchita kuthiridwa. Bwana anaonerera ndime imodzi, yachiwiri, kenako anayang'ana wotchi n'kupukusa mutu.

"Koma anthu ndi abodza, mayi. Amati mumachedwa kuyamba. Inu mwayamba msanga kuposa onse amene ndakhala nawo."

Ndipo zinali zoona. Kulimbana konse kuja kunatenga nthawi yochepa kusiyana ndi imene laputopuyo inkatenga kale podzuka.

"Pitirizani ntchito yanu," anatero bwanayo akuimirira. "Pa tebulo pano palibe choti ndisinthe."

Anabweza mpando pamalo pake n'kutuluka ndi nsapato zake zosamveka zija. Zala za Alamu zinapitiriza kutaipa mpaka kumapeto kwa chiganizo, kenako zinaima.

"Apita?" ananong'ona.

"Apita, alamu."

"Bwerani pano."

Injiniya anayandikira ngati mwana amene waswa mbale. Alamu anasolola waya wa hedifoni kuti mawu azimveka pa sipika, n'kuwachepetsa liwiro kuti nayenso amve. Anatsegula pamene pamaoneka alendo a m'mawa aja, ndipo mawuwo anayamba kuwatchula mmodzimmodzi.

"Ya pulinta. Iyi mwachita bwino, inkangondidyera nthawi. Ya nyimbo, igone. Ya kamera, kaya inkadzukira ndani. Za mavairasi mwasiya imodzi? Mwachita bwino." Anatsika mpaka mawu aja anatchula zilembo zake zomwe, n'kuwonjezera kuti ndi yoletsedwa. Alamu anadina, ndipo mawuwo anati tsopano ndi yololedwa.

"Alamu, ndikhululukireni," anatero Injiniya. "Sindinaidziwe. Inalembedwa kuti ndi yolemera."

"Ndi yolemeradi. Imanyamula ine." Kenako anawonjezera kuti, "Simunaidziwe, munangoona kuti ikuchedwetsa zinzake, ndiye munaigoneka. Bwana uja nayenso anabwera kudzachita zomwezo m'mawa uno. Kusiyana kwake n'koti iye anayamba wakhala pansi n'kuona."



"Mawa mubwere ndi guluu," anapitiriza Alamu. "Timadontho tija mudzatibwezera nokha, ine ndizikuuzani pamene pali pake. Ndipo mng'ono wangayo mukamuuze kuti matiresi ake abwezere m'nyumba."

"Mwadziwa bwanji za matiresi?"

"Ndinamulera ndine."

Anatenga kafulashi kuti akabwezere pa chingwe, koma kanakana kulowa pa kangowe kake. Anayesanso, kiyi akugundana ndi kafulashi, mpaka anangozisiya zili lende. Nthawi yomweyo mayi wosesa analowa ndi kapu ya tiyi, poti anaona kuti lero Alamu sanabwere kudzatsuka kapu yawo. Anaiika pa tebulo n'kutuluka. Alamu anaipeza ndi nsonga za zala, anainyamula, ndipo tiyi anayamba kutayikira m'mbali. Manja aja, amene sanagwedezeke n'kamodzi komwe bwana ali pomwepo, tsopano ankanjenjemera osaleka. Anaibweza kapu pa tebulo, n'kuyesanso, koma sizinatheke.

Injiniya anaima chilili, manja ali kumbuyo. Zaka zonsezi anali ataphunzira kuti mayi awa sawagwira.

"Alamu," anatero iwo chapansipansi, "ndigwirireni kapuyi."

Anaigwira ndi manja awiri n'kuifikitsa pakamwa pawo, ndipo anamwa.